Likulu lathu akufuna kulichotsa pa Victoria Avenue: zokambirana pa gulu la Ana a Kabula

Make Tadala: Mwaswera bwanji nonse pa gulu pano. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo kuyambira Lachiwiri. Kuntchito kwathu, dzina sinditchula mundimvetse, abwana anatisonkhanitsa tonse n'kutiuza kuti bodi yagwirizana zoti likulu la kampani lichoke pa Victoria Avenue, ku Blantyre kuno, pomwe takhala zaka zonsezi. Kopita sanamange mfundo. Ena mu bodimo akuti tipite ku Lilongwe, ena akuti tingopeza nyumba yaikulu ku Namiwawa kapena ku Mandala n'kuisandutsa ofesi. Palinso oti timange zathuzathu ku Chirimba, pafupi ndi pomwe timasungira katundu. Atiuza kuti aliyense alembe maganizo ake pofika Lachisanu la sabata ya mawa. Ine ndimagwira ku akaunti, ndimakhala ku Chilomoni, ana awiri ali pa sukulu konkuno, bambo awo ntchito yawo ili ku Ginnery Corner. Sindikufuna kulemba zongolira. Ndikufuna kumvetsa kaye kuti kodi makampani amayang'ana chiyani posankha poika likulu, kuti zomwe ndilembezo zikamveke. Amene mukudziwa ndithandizeni.

Nachisale wa ku 47: Pepani achemwali, ndikudziwa mmene mtima ukuchitira, ifenso zinatigwera zaka zinayi zapitazo. Koma ndikuuzeni zoona osakubisirani: ngati kampani yanu imadya ndalama za boma kapena za mabungwe, Lilongwe mudzapita basi, kaya chaka chino kaya mtsogolo muno. Kasitomala wanu wamkulu ndi ndani? Yambirani pamenepo.

Make Tadala: Theka la zomwe timagulitsa zimapita ku boma ndi ku mabungwe achifundo. Theka linalo ndi mafakitale ndi mashopu a kuno kummwera, makamaka Limbe, Thyolo ndi Mulanje.

Nachisale wa ku 47: Ndiye n'chifukwa chake bodi yanu yagawanika. Ife abwana athu ankakhala pa msewu wa Zalewa kawiri pa sabata. Makilomita opitirira 300 kupita kokha, kukakhala pa msonkhano wa ola limodzi ku Capital Hill, mwina n'kukapeza kuti amene amafuna kuonana nayeyo wachokapo, abwerenso mawa. Ndiye ogona, mafuta, alawansi ya dalaivala. Atawerengera pa chaka anapeza kuti ndalamazo zikukwana lendi ya ofesi ku City Centre. Maunduna ali kuno ku Lilongwe, akazembe ali kuno, mabungwe akunja ali kuno, Nyumba ya Malamulo ili kuno. Tenda imatuluka, iwe uli ku Blantyre ukuimva mochedwa, mnzako wa kuno anamva kalekale pa maliro kapena ku tchalitchi. Kandimverere anakanena za m'maluwa, achemwali. Abwana amafuna akhale pomwe nkhani zikuphikidwa.

Achimwene a ku Makata: Nachisale mwanena zoona koma mwanena mbali imodzi. Tenda mupambana ku Lilongwe, nanga katunduyo alowera kuti? Ine ndakhala ku sitolo ya fakitale zaka 16. Kontena ikachoka ku Beira imadzera ku Tete, Zobue, Mwanza, n'kutsikira kuno. Ya pa njanji yochokera ku Nacala imalowera ku Nayuchi, Liwonde, Nkaya, kenako Limbe. Mapepala akavuta, likulu la MRA lili pompano pa Msonkho House. A Bureau of Standards likulu lawonso lili konkuno. Munthu wosayina cheke akakhala kutali ndi katundu, lole imagona pa geti masiku awiri kudikira siginecha, ndipo mwini loleyo amalipiritsa tsiku lililonse.

Agogo a Njanji: Ana inu mundilole ndilowepo, ndine wopuma pantchito, nthawi ndili nayo. Ndinagwira ntchito ya njanji ku Limbe mpaka tsitsi kuyera. Funso la mayi a Tadala ndi lakale kuposa tonsefe pano.

Mzinda uno anauyamba ndi amishoni a ku Scotland mu 1876, n'kuutcha dzina la kwawo kwa David Livingstone. Patangopita zaka ziwiri, mu 1878, kunabwera kampani ya zamalonda yoyendetsedwa ndi abale awiri, John ndi Fred Moir, yomwe inadzatchedwa African Lakes. Likulu lawo anamanga pa chitunda chija timati pa Mandala, ndipo nyumba yosanja yomwe anamanga mu 1882 ilipobe mpaka lero, mukhoza kukaiona. Dzina loti Mandala linachokera ku magalasi a m'maso omwe John Moir ankavala. Tsono dzifunseni, anasankhiranji pano? Katundu ankabwera pa madzi, mu Zambezi n'kulowa mu Shire, koma pakati pa Shire pali mathithi, sitima sizingadutse. Ankatsitsa katundu kumunsi cha ku Chikwawa, amtengatenga n'kusenza pamutu kukwera mapiri, kudzera kuno, n'kukatsikira ku Matope komwe ankakwezanso m'sitima zopita ku nyanja. Blantyre inali pakati pa njira imeneyo, pamalo okwera, pozizira bwino, udzudzu wochepa poyerekeza ndi ku chigwa. Boma la atsamunda linakakhala ku Zomba, koma amalonda sanalitsatire. Anatsala pomwe pali njira ya katundu.

Njanji itafika mu 1908, Limbe inakula chifukwa cha ife a sitima ndi a fodya a Imperial Tobacco. Mlatho wa pa Zambezi utatha mu 1935, sitima inayamba kuchoka kuno mpaka ku doko la Beira osatsitsa katundu panjira. Limbe ndi Blantyre anali matauni awiri osiyana, anawaphatikiza mu 1956. N'chifukwa chake mpaka pano tili ndi mitima iwiri, wina ku Victoria Avenue wina ku Limbe, ndi msewu wa Chipembere pakati.

Ndiye pamene Kamuzu ankasamutsa likulu la dziko kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, sanalichotse kuno ayi. Blantyre sinakhalepo likulu la boma. Inakula yokha ndi malonda.

Make Tadala: Zikomo agogo. Za mathithizo sindinkazidziwa kuti ndi zomwe zinabala tauni ino.

Chikondi wa makompyuta: Agogo ulemu wanu, koma zimenezo ndi za nthawi ya amtengatenga. Lero ndalama zikuyenda pa foni, mapepala a msonkho tikutumiza pa intaneti, misonkhano tikupanga pa Zoom. Likulu likhoza kukhala paliponse pomwe pali netiweki yabwino ndi magetsi. Ine ndikanakhala bodi ndikanatenga nyumba ya ku Namiwawa. Pali poimika magalimoto, pali poika jenereta ndi thanki ya madzi, palibe phokoso. M'tauni muno kasitomala amazungulira katatu kusaka poimika, akapeza alipire, akatuluka apeze galimoto ina yamutsekera. Nyumba zambiri ndi zakale, chikepe chinafa kalekale, mawaya a magetsi ndi a m'ma 1970. Ndakhala ndikukoka makebulo m'nyumba zimenezi, ndikudziwa zomwe zili kudenga.

Angozo: Achimwene a makompyuta, ndine mesenjala, ndiloleni ndikuuzeni tsiku langa. Ndimadzuka ku Ndirande folo koloko, ndimatsika wapansi kudzera ku Nyambadwe chifukwa ya minibasi siikwana mwezi wonse. Ndikafika ndimatsegula mazenera, kuwiritsa madzi a tiyi, eyiti koloko ndanyamula chikwama cha makalata. Ndiyambira ku banki pa Henderson Street, ndikwere ku Livingstone Towers pa Glyn Jones, ndidutse ku Chibisa House kwa a inshuwalansi, nditsike kwa maloya, ndikathere ku positi ofesi. Zonsezo wapansi, isanakwane leveni ndabwerera, mapepala onse adindidwa. Nsapato ndimasokesa kawiri pa chaka kwa mkulu wina amakhala pansi pa mtengo kuseri kwa msika. Kampani siwononga ngakhale lita imodzi ya mafuta pa ine.

Mukuti zonse zili pa intaneti. Kalata ya loya imafuna munthu asayine kuti walandira. Mgwirizano wa ngongole ya ku banki umafuna inki. Mukatipititsa ku Namiwawa, ntchito yomweyi ifuna galimoto ndi dalaivala, kapena njinga yamoto. Ine sindidziwa kuyendetsa. Ndiye mukuona amene atsale pakhomo ndi ndani.

Chikondi wa makompyuta: Pepani madala, sindinaganize mbali imeneyo.

Angozo: Palibe kanthu mwanawe. Ambiri saiganiza. Komanso minibasi sizilowa m'misewu ya kumayadi. Utsike pa msewu waukulu, uyende mtunda, nthawi ya mvula ufike utanyowa ngati nkhuku. Abwana amalowa pa geti ndi galimoto, sadziwa kuti kuchokera pa siteji ndi mphindi zingati.

Mjomba wa ku Limbe: Angozo anena mawu. Ine ndili ndi shopu ya zitsulo ku Limbe, ndiye ndimaona zinthu ngati wamalonda. Makampani ali ngati ife ogulitsa, amakonda kuunjikana. Pitani mumsewu wathu, mashopu a zitsulo ali phukusi limodzi, wina pafupi ndi mnzake. Mlendo amadabwa kuti bwanji simukubalalika kuti musalimbirane makasitomala. Koma wofuna misomali amadziwa kobwera, akasowa kwa ine apeza kwa mnzanga, mawa mnzangayo anditumizira wake. Mabanki ndi chimodzimodzi. National Bank likulu lili pa Henderson Street, FDH pa Umoyo House, First Capital ku Livingstone Towers, NBS pa Ginnery Corner, NICO pa Chibisa House. Msika wa masheya uli pa Victoria Avenue pomwepo. Maloya ndi owerengera ndalama anazungulira pomwepo chifukwa nyama yawo ili pomwepo, khothi lalikulu lili pa Chichiri. Wochoka pagulu limeneli ayambe wawerenga bwino.

Nachisale wa ku 47: Mjomba, msika wa masheya mukunenawo uli m'nyumba iti? M'nyumba yakale ya Reserve Bank. Reserve Bank inayambira ku Blantyre mu 1965, koma mu 1981 likulu linabwera kuno ku Lilongwe. Standard Bank likulu lili kuno. Airtel likulu lili kuno, ngakhale TNM inatsala kwanuko. Kampani ya fodya ya Limbe Leaf, dzina ndi la Limbe, koma ikayendereni mukaipeza ku Kanengo, chifukwa fodya wambiri amalimidwa m'chigawo chapakati, ku Kasungu, Dowa, Mchinji ndi Lilongwe. Anatsata fodya. Ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mu mzinda wa Lilongwe, pomwe Blantyre inali ndi 800,264. Anthu akuchuluka kuno, ndipo komwe kuli anthu ndi komwe kuli ogula.

Achimwene a ku Makata: Nanga Illovo? Minda ndi mafakitale zili ku Nchalo ndi ku Dwangwa, koma likulu lili ku Limbe. Sanapite kukakhala pakati pa mizimbe, sanapitenso ku Capital Hill. Tiyi amagulitsidwa pa okushoni ku Limbe chifukwa Thyolo ndi Mulanje zili pakhomo. Carlsberg pomwe inkamanga fakitale yake yoyamba kunja kwa Denmark mu 1968 inasankha kuno ku Makata, ndipo ngakhale eni anasintha n'kukhala Castel, mowa ukuphikidwabe pompano. Si onse akuthamangira kwanuko.

Nachisale wa ku 47: Sindinati onse. Ndati amene amadya za boma.

Wa ku Bangwe: Inu a ku Lilongwe mwatilanda zokwanira. Chilichonse chabwino chizipita kwanu basi? Ana athu akamaliza ku Poly azikasaka ntchito kwanu, ife tizitsala ndi nyumba zogumuka? Ngakhale mabungwe a boma omwe anali kuno kuyambira kale mwakhala mukuwakoka limodzilimodzi.

Nachisale wa ku 47: Achimwene, ine kwathu ndi ku Chiradzulu, mchombo wanga uli kwa Kadewere. Sindinalande kanthu, ndinangotsata ntchito.

Mlembi wa gulu: Abale, tisalowetse zazigawo. Mayi a Tadala apempha nzeru, tiwapatse nzeru. Amene ayambe zonyozana ndimutulutsa mpaka mawa.

Wa ku Bangwe: Ndamva a mlembi. Pepani achemwali, ndinapsa mtima. Mwana wanga woyamba anapita komweko chaka chatha, nyumba yangoti zii.

Nachisale wa ku 47: Ndamva achimwene, palibe mlandu. Ndipotu musaganize kuti ine ndikusangalala. Ndanena zomwe mabwana amawerengera, tsopano ndinene zomwe sawerengera. Atatisamutsa anatipatsa lole yonyamula katundu ndi ndalama ya lendi ya miyezi itatu. Zinathera pomwepo. Amuna anga sakanasiya ntchito yawo, ndiye anatsala ku Chimwankhunda ndi mwana wamkulu yemwe anali mu Folomu 3, ine ndinatenga wamng'ono. Nyumba ziwiri, malendi awiri, mapoto awiri pa moto, malipiro omwewo. Lachisanu lililonse lachiwiri ndimathamangira basi ya madzulo, mwana ali kumsana chikwama kumanja, kufika ku Blantyre usiku anthu atagona. Lamulungu masana ndayambanso ulendo. Tsiku lina wamng'onoyu atawaona bambo ake pa depoti anabisala kuseri kwa chitenje changa ngati waona mlendo. Ndinalira njira yonse. Mayi anga akadwala ku Chiradzulu kale ndinkafika ola limodzi, pano ndi tsiku lathunthu. Mwa anthu amene tinasamuka limodzi, angapo anasiya ntchito chaka chisanathe, ndipo anali odziwa ntchito kwambiri. Kampani inayamba kuphunzitsa atsopano. Zimenezo pa pepala la bodi panalibe.

Ndiye achemwali a ku Chilomoni, ngati muti mulembe, lembani zimenezi ndi manambala. Mabwana chisoni samva msanga, koma nambala amamva.

Make Tadala: Mwandigwetsa misozi achemwali. Ndi zomwe ndikuopa ndendende.

Wa ku Joni: Moni nonse kumudzi. Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndili pa nthawi yopuma. Ine ndimagwira ntchito yaulonda kuno ku Johannesburg, ndiye zomwe akunena achimwene a makompyuta zoti tichoke m'tauni tipite kumayadi, ine ndikukhala m'zotsatira zake. Kuno makampani akuluakulu anachoka pakati pa tauni n'kupita ku Sandton ndi ku Rosebank. Ngakhale msika wa masheya wa kuno unasamukira ku Sandton mu 2000. Aliyense ankachoka ndi zifukwa zomveka: umbava, kusowa poimika galimoto, nyumba zakale. Koma akachoka mmodzi, mnzake amaona kuti watsala yekha, nayenso n'kunyamuka. Mapeto ake nyumba zitalizitali zinatsala zopanda anthu, zina zinalowedwa ndi anthu osowa pokhala, zopanda madzi, zopanda magetsi. Hotela yaikulu ya Carlton inatsekedwa, ili chitsekere. Anthu wamba okhala ku Soweto amene kale ankatsika sitima m'tauni n'kuyenda pang'ono kufika pantchito, pano amakwera kawiri kapena katatu.

Ndikabwera kumudzi pa Khirisimasi ndimaona zikwangwani za makampani pa mageti a nyumba zogona ku Namiwawa, ku Nyambadwe, ku Sunnyside, ku Mandala. Mtima umandigunda chifukwa ndi mmene zinayambira kuno.

Agogo a Njanji: Mwanawe wanena zomwe ndimaona ndikapita kukatenga penshoni. Kale Victoria Avenue Loweruka m'mawa unkachita kupanikizana ndi anthu ovala bwino. Nthawi ya Kamuzu nyumba ikakalamba khonsolo inkaipaka nyenyezi yofiira, kutanthauza kuti mwini wake aikonze kapena aigwetse amange yabwino. Zina zinamangidwadi. Zina nyenyeziyo inachita kufufutika yokha ndi mvula, nyumba ili chiimire.

Chikondi wa makompyuta: Ndiye vuto si kampani yomwe ikuchoka, agogo. Vuto ndi eni nyumba omwe amatolera lendi osakonza kanthu, ndi mzinda womwe sunamange malo oimikapo magalimoto okwanira. Kampani si mpingo, singakhale pamalo chifukwa cha chifundo. Kwathu kuntchito tinakhalapo masiku atatu opanda madzi pa nsanjika yachinayi, anthu makumi atatu, zimbudzi ziwiri. Azimayi ankapita kukapempha ku nyumba ina. Inu mukanakhala?

Achimwene a ku Makata: Za madzi ndi nkhani ya mzinda wonse, si m'tauni mokha. Madzi athu ambiri amachokera ku Walker's Ferry pa Shire, kuwapopa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kukwera phiri. Magetsi akangothima kumeneko, mipopi kuno iuma. Mapiri omwe anakopa azungu aja ndi omwewo akutidulitsa madzi. Malo athyathyathya omanga fakitale yaikulu kunonso ndi osowa, pomwe Lilongwe ndi chidikha, umangoyala. Zimenezo ndivomereza.

Koma mayi a Tadala, ine maganizo a ku Chirimba musawataye. Likulu likakhala pamodzi ndi katundu, abwana amaona ndi maso awo lole ikuchedwa, denga likudontha, anyamata akunyamula matumba opanda magolovesi. Ife abwana athu ofesi yawo ili pamwamba pa fakitale, makina akangosintha kaliridwe amatsika okha osaitanidwa. Komanso Chirimba minibasi zimafika, anthu a ku Ndirande, Chilomoni, Machinjiri, Mbayani safunika kusamuka.

Angozo: Ku Chirimba bola, ngakhale ntchito yanga ya wapansi ithabe. Koma mwina angandiike ku sitolo.

Anambewe a pa chiimilire: Ine sindidziwa zambiri za makampani, foniyi akundilembera ndi mwana wanga. Ndimaphika nsima kuseri kwa maofesi m'tauni muno, chaka chino ndi cha 11. Ndimafika sikisi koloko ndi nkhuni, ndiwo ndagula kale ku msika. Pofika twelofu mapoto atatu apsa, nyemba, nkhuku ya lokolo, usipa kapena matemba, masamba otendera. Makasitomala anga ndi makalaliki, alonda, madalaivala, amesenjala ngati Angozo. Ndili ndi kabuku kofiira komwe ndimalemba odya pa ngongole, amalipira pa malipiro. Ndimadziwa amene sadya nyama ya nkhumba, amene amafuna tsabola wambiri, amene mkazi wake wangobereka kumene ndiye ndimuonjezere chipande.

Chaka chapitacho kampani ina ya pa nsanjika yachiwiri inasamuka. Palibe anandiuza. Ndinangoona Lolemba nsima yatsala mitanda khumi ndi isanu, Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu mlonda ndi amene anandiuza kuti anthu aja anapita. M'kabukumo munatsala mayina asanu ndi limodzi osalipira. Awiri anabwera okha patapita mwezi kudzandipatsa, Mulungu awadalitse. Enawo sindiwadandaula, mwina nawonso zinawavuta. Koma mtsikana amene ankanditsukira mbale ndinamuuza kuti apume kaye, mpaka lero sindinamuitanenso.

Ndiye mukamalemba kalata yanuyo mayi, mutikumbukireko ife. Sitili pa mndandanda wa antchito koma timadya pa kampani yomweyo. Wogulitsa nthochi, wopolisha nsapato, wa maunitsi, mnyamata wotsuka magalimoto.

Make Tadala: Anambewe, mwina ndinadyapo kwa inu osadziwana. Ndakumvani ndipo ndilemba.

Mjomba wa ku Limbe: Pali chinthu china chomwe anthu sanena poyera. Nthawi zambiri likulu limapita kufupi ndi komwe bwana wamkulu amagona. Fufuzani mayi, mwa a bodi anuwo angati ali ndi nyumba ku Area 10 kapena 43, angati ku Namiwawa. Mukapeza kuti maganizo atatu aja akutsata makomo a anthu atatu. Sindikunena kuti ndi kuba ayi, munthu aliyense amaona dziko kuchokera pakhonde pake. Koma n'chifukwa chake mawu a antchito akufunika, chifukwa makonde anu ndi ena.

Make Tadala: Mjomba, pamenepo sindiyankha pa gulu, koma mwalasa.

Wa ku Joni: Komanso musaganize kuti likulu la dziko likakhala kwina ndiye malonda onse atsatira. Ku Nigeria boma linapita ku Abuja mu 1991, koma mabanki akuluakulu ali ku Lagos mpaka lero. Ku Tanzania boma lili ku Dodoma, malonda ali ku Dar es Salaam komwe kuli doko. Kuno boma lili ku Pretoria, Nyumba ya Malamulo ku Cape Town, ndalama zili ku Johannesburg. Anzanga a ku Nigeria timalondera limodzi amati bwana amakwera ndege m'mawa kupita ku Abuja, madzulo wabwerera.

Nachisale wa ku 47: Kusiyana kwake n'koti kumeneko makampani ali ndi makasitomala ambiri omwe si boma. Kwathu kuno wogula wamkulu ndi boma ndi mabungwe. Tikanakhala ndi mafakitale ambiri ngati kale, Blantyre sikanadandaula ndi aliyense.

Agogo a Njanji: Apo mwakhudza chilonda. Ndikukumbuka fakitale ya nsalu ya David Whitehead ili pa mphamvu, belu likalira anthu ankatuluka ngati nyerere, njinga mbwee msewu wonse wa Makata mpaka ku Ndirande. Sitima yathu inkanyamula thonje kubwera nalo kuno, n'kunyamula tiyi ndi fodya kupita ku doko. Nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala m'ma 1980, katundu anayamba kuzungulira pa malole mpaka ku Durban, mtengo wa chilichonse unakwera. Kenako kunabwera kugulitsa makampani a boma ndi katundu wotchipa wochokera kunja. Malikulu amatsata ntchito, ana inu. Likulu ndi mutu, sungakhale pomwe thupi lachoka. Koma thupi la kampani ya mayi a Tadala, monga anenera okha, theka lili kuno.

Chikondi wa makompyuta: Ndiye bwanji osagawa? Ofesi yaying'ono ku Lilongwe ya anthu atatu kapena anayi osaka matenda ndi kupita ku misonkhano, ena onse atsale kuno. Apa ndiye intaneti ingathandize zenizeni, a akaunti safunika kukhala pafupi ndi unduna. Makampani ambiri a kuno ali ndi nthambi yotero ku City Centre kapena ku Old Town.

Achimwene a ku Makata: Mwati osaka chiyani achimwene?

Chikondi wa makompyuta: Ndimati ma tenda, foni yalumikiza mawu. Koma mfundo mwaimva.

Nachisale wa ku 47: Mfundoyo ndi yabwino, ife tinaipereka koma mochedwa, atasayina kale lendi. Chenjezo langa ndi limodzi. Ofesi yaying'onoyo ikakhala ndi bwana wamkulu, pakapita zaka ziwiri mudzapeza kuti ndiyo yasanduka likulu. Amayamba kuitana wa akaunti mmodzi, kenako wa zaantchito, mwakachetechete. Mulembe kuti amene akakhale kumeneko ndi wa zamalonda, ndipo kusayina ndalama kutsale ku Blantyre.

Make Tadala: Abale, ndathokoza kuchokera pansi pa mtima. Ndakhala pa mkeka ndi kope la Tadala ndikulemba zonse. Mawa ndikapempha mafayilo a maulendo a ku Lilongwe a chaka chathachi, ndiwerengere mafuta, ogona ndi maalawansi, ndiyerekeze ndi lendi ya kaofesi ka anthu anayi. Ndiwerengeranso kuti mwa ife 46 angati ali ndi amuna kapena akazi ogwira ntchito kuno, angati ali ndi ana a mayeso chaka chino, angati amayenda wapansi. Ine mtima wanga uli pa kutsala m'tauni ngati mwini nyumba angavomere kukonza chikepe ndi kuika thanki, zikakanika ndiye Chirimba. Za Namiwawa ndikana, ndipo ndifotokoza za siteji monga anenera Angozo.

Achemwali a ku 47, ndingakupezeni kumbali? Ndikufuna mundiuze bwinobwino ndalama zomwe munkawononga pa mwezi ndi nyumba ziwirizo, dzina lanu sinditchula.

Nachisale wa ku 47: Ndipezeni ikakwana naini, ndikhala nditamugoneka mwana. Ndili ndi malisiti a basi a chaka choyamba, ndinasunga mu envulopu, ndikujambulirani.

Angozo: Mayi, mukafuna kudziwa mphindi za kuchokera pa siteji kufika kumayadi kuja, Loweruka ndikhoza kukayenda ndi wotchi ndikuuzeni.

Make Tadala: Chonde Angozo, mukayende. Muyambire pa siteji ya pa msewu waukulu mpaka pa geti, ndikutumizirani kumbali kuti ndi nyumba iti. Ya minibasi ndikupatsani ine.

Anambewe a pa chiimilire: Mwana wanga akuti ndifunse, ngati mupite ku Chirimba, kumeneko alipo kale ophika?

Achimwene a ku Makata: Alipo mayi, koma mbali ya kumtunda kuli mafakitale awiri omwe anyamata amayenda mtunda kukasaka nsima. Mubwere Lachinayi masana mudzaone nokha, mukatsike pa siteji ya pa njanji, ndidzakuchingamirani.